Kusintha mavidiyo kuti asadodome pa pulojekita: malangizo kwa ogwira zochitika ku Ntcheu

Masiku ano ukwati wa pa boma pa Ntcheu ukafika pa madyerero, anthu sakhutira ndi perekaniperekani ndi kudula keke kokha. Amafuna aone pakhoma kanema wa pa chinkhoswe, zithunzi za akwati ali ana, komanso uthenga wa achibale a ku Johannesburg amene alephera kubwera. Kutchalitchi nakonso n'chimodzimodzi: kwaya ikamakhazikitsa chimbale, pulojekita imakhalapo. Ntchito yoonetsa zimenezi nthawi zambiri imagwera munthu mmodzi, yemwe ali ndi laputopu, ndipo malangizowa ndi a munthu ameneyo.

Mavidiyo a tsiku lotere amachokera m'manja ambiri. Ina yajambulidwa pa iPhone, ina pa Tecno, ina pa kamera ya wojambula waganyu, ina yachotsedwa pa DVD yakale. Iliyonse imasewera bwinobwino pa chipangizo cha mwini wake. Ikafika pa laputopu yanu, ina ikudodoma, ina mawu akutsogola milomo ikutsalira, ina ikungotulutsa mawu sikirini ili bii. Mankhwala ake ndi amodzi: mavidiyo onse asinthidwe akhale a mtundu umodzi wopepuka tsiku lisanafike, ndipo ayesedwe pa laputopu yomweyo imene idzagwire ntchito.

Tisanayambe, tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo, monga MP4, MOV, MKV kapena AVI, zimangotchula chotengera. Thumba la pamsika wa Lizulu likhoza kukhala ndi kachewere, nyemba kapena kabichi, ndipo kuona thumba lokha sikukuuzani zamkati. Zamkatizo ndiye codec, njira imene zithunzi ndi mawu zapanikizidwira kuti zisadye malo ambiri. Mafayilo awiri onse a MP4 akhoza kukhala ndi ma codec osiyana, ina n'kusewera, ina n'kukana. N'chifukwa chake kufufuta MOV pa dzina n'kulembapo MP4 sikuthandiza kanthu.

Codec imene tikufuna ndi H.264. Inatuluka mu 2003, ndipo pafupifupi laputopu iliyonse, TV ya fulashi ndi foni zimaiwerenga mosavutikira. Imene imativutitsa kawirikawiri ndi H.265, yomwe imatchedwanso HEVC, ya mu 2013. Iyi imachepetsa fayilo kwambiri koma imafuna makina amphamvu poitsegula. Ma iPhone anayamba kujambula mu HEVC mu 2017, ndipo mafoni ambiri a Android atsopano amateronso. Mapurosesa a Intel anayamba kuiwerenga mokwanira pa m'badwo wachisanu ndi chimodzi, wa mu 2015. Malaputopu ambiri a kaunjika amene timagwiritsa ntchito kuno ndi akale kuposa pamenepo, ndiye akakumana ndi HEVC, makamaka ya 4K, fani imalira, makina amatentha, chithunzi n'kuyamba kudumphadumpha.

Choyamba: sonkhanitsani mavidiyo msanga, ndipo abwere athunthu

Auzeni a komiti tsiku lomaliza lolandira mavidiyo, masiku awiri kapena atatu zochitika zisanafike. Muwauzenso katumizidwe kake. Vidiyo yotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi imapanikizidwa panjira. Pa foni imaoneka bwino, koma ikatambasulidwa pakhoma nkhope zimaoneka zosungunuka. Zimene zatayika pamenepo palibe pulogalamu ingazibwezeretse. Choncho muwapemphe: "Amalume, vidiyo ija munditumizirenso, koma mudine pa Document, musadine pa Gallery." Ikatumizidwa ngati Document imafika mmene inajambulidwira, ndipo WhatsApp imalola fayilo yofika 2 GB. Ngati munthuyo ali pafupi, musawononge bandulo, tengani pa kebulo kapena pa memori khadi.

Amene sanajambule, muwauziretu kuti foni igone chopingasa. Wa iPhone alowe mu Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible, ndipo foniyo ijambula mu H.264. Pasakhalenso za 4K. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa cha 1080p (nambalayi ndi ya mizere ya timadontho kuchokera pamwamba kufika pansi pa chithunzi), ndipo pakhoma la holo palibe adzaone kusiyana.

Mafayilo onse aikeni mufoda imodzi pa laputopu, muilembe kuti "zoyamba", ndipo musadzafufutemo kanthu mpaka zochitika zitatha.

Chachiwiri: dziwani kumene mukukaonetsa

Pitani kuholo kapena funsani mwini pulojekita kuti imatulutsa chithunzi chachikulu bwanji. Mapulojekita akale ambiri a m'masukulu ndi m'matchalitchi ndi a 1024 x 768 kapena 1280 x 800. Oterewa vidiyo ya 720p imawakwanira, ndipo kuwapatsa 1080p n'kungolemetsa laputopu. TV yaikulu ndi pulojekita yatsopano zipatseni 1080p. Ngati komiti yabwereka sikirini ya LED kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, funsani eni ake manambala a mulifupi ndi mulitali, chifukwa masikirini amenewa amamangidwa ndi timabokosi ndipo kukula kwake kumasiyana.

Onaninso polumikizira. HDMI imanyamula chithunzi ndi mawu. VGA, ya mutu wabuluu ija, imanyamula chithunzi chokha.

Chachitatu: suzumirani mkati mwa fayilo iliyonse

Tsegulani vidiyo mu VLC, pulogalamu yaulere yoonetsera mavidiyo, mudine Ctrl ndi J nthawi imodzi. Patuluka kabokosi kosonyeza codec, kukula kwa chithunzi ndi chiwerengero cha mafulemu (tizithunzi totsatizana timene timapanga vidiyo) pa sekondi. Lembani papepala. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imanena zambiri kuposa apa, kuphatikizapo ngati mafulemu akuyenda mokhazikika kapena mosinthasintha, komanso ngati vidiyo ili ya HDR, kajambulidwe kosunga kuwala ndi mitundu yambiri kuposa mwachizolowezi.

Nkhani ya mafulemuyi ndi imene imasokoneza ambiri. Mafoni sajambula pa liwiro limodzi. Kukachita mdima kapena foni ikatentha, imachepetsa mafulemu yokha. Mapulogalamu ena oonetsera amayembekezera liwiro lokhazikika, ndiye vidiyo ikamapita patsogolo mawu ndi milomo zimasiyana pang'onopang'ono. Poyambira simuona vuto. Limaonekera pa mphindi yachisanu, abusa a pa sikirini atatseka pakamwa mawu akadalankhula. Ine vidiyo iliyonse ya pafoni ndimaisintha, ngakhale VLC itanena kuti ili kale mu H.264.

Chachinayi: HandBrake

Mapulogalamu osinthira mavidiyo ndi ambiri, ndipo ena amati ndi aulere koma amasiya chidindo chawo pakati pa chithunzi. HandBrake ndi yaulere zenizeni, ilibe chidindo, ndipo ikangolowa mukompyuta sifunanso intaneti. Itengeni pa tsamba lake lenileni. Pa Windows imafunanso kapulogalamu ka Microsoft kotchedwa .NET Desktop Runtime, choncho tsitsani zonse ziwiri mukadali pamene netiweki ikugwira, musanapite ku Tsangano kapena ku Kasinje. Zosinthira pa intaneti zija, zoti mukweze fayilo kenako muitsitsenso, zisiyeni. Bandulo itha ntchito isanafike pakati.

Tsegulani HandBrake, mudine Open Source, musankhe fayilo. Pa Preset sankhani Fast 1080p30, kapena Fast 720p30 ngati pulojekita ndi yaing'ono. Zambiri zakonzeka kale pamenepo, koma pali malo angapo oyenera kuwagwira ndi dzanja lanu.

Pa Summary, Format ikhale MP4.

Pa Dimensions, yang'anani Cropping. HandBrake imadula yokha m'mbali mwakuda, ndipo nthawi zina vidiyo yojambulidwa usiku imaidula molakwika poganiza kuti mdimawo ndi malire. Ikani None. Vidiyo yoimirira, yojambulidwa foni ili chilili, musaikoke kuti idzaze sikirini, anthu amaoneka ofufuma ndipo apongozi sadzakukhululukirani. Isiyeni ikhale ndi mbali zakuda. Ngati yatuluka chagada kapena chammbali, pomwepo pali Rotation.

Pa Video ndi pamene pagona nkhani. Video Encoder ikhale H.264 ya x264, osati ija yolembedwa 10-bit, chifukwa ma TV ndi malaputopu ambiri saiwerenga. Pa Framerate, tsatirani mmene vidiyo inajambulidwira: ya pafoni ya 30 ikhale 30, ya pakamera ya 25 ikhale 25, ya 60 itsike pa 30, ya 50 itsike pa 25. Ena amakakamiza zonse pa 25 poti ndi muyezo wa wailesi yakanema kuno. Pa ulutsi n'zomveka, koma pa pulojekita palibe phindu. Kuchotsa mafulemu asanu pa sekondi iliyonse kumangochititsa kuti kamera ikamatembenuka chithunzi chizinjenjemera. Chofunika kwambiri chili pansi pake: chotsani Peak Framerate, musankhe Constant Framerate. Kadontho kameneka ndi kamene kamagwirizanitsa mawu ndi milomo.

Kenako pali nambala ya RF, imene imalamulira ukhondo wa chithunzi. Nambala ikatsika chithunzi chimayera, fayilo n'kukula. Fast 1080p30 imabwera ili pa 22, ndipo pa munthu wongokhala pampando akupereka mafuno abwino, 22 ndi yokwana. Gule ndi nkhani ina. Tengani kanema wa ngoma wojambulidwa pa Umhlangano ku Nkolimbo: amuna ambirimbiri akuponda pansi nthawi imodzi, fumbi likukwera, zishango zikugwedezeka, nthenga zakumutu ndi zikopa zamawangamawanga zonse zikuyenda. H.264 imasunga malo posunga chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo, pakatipo n'kumangolemba zimene zasintha. Pa ngoma chilichonse chikusintha, ndiye mukaipanikiza kwambiri fumbi lija limasanduka timabokosi, mapazi n'kusakanikirana ndi dothi. Vidiyo yotere ipatseni 18 kapena 19. Chimodzimodzi ya kwaya yovina, ya mpira, ndi ya mvula kapena masamba a mitengo pamphepo. Kutsika kupitirira 18 n'kungodzaza disiki.

Ngati laputopu yanu ndi yokalamba kwenikweni, chongani Fast Decode. Fayilo ikula pang'ono koma makina apuma.

Pansi pa tsamba lomweli pali kabokosi ka Advanced Options. Lembanimo keyint=30, kapena keyint=25 pa vidiyo ya mafulemu 25; ngati muli kale zolemba, ikani kaye chizindikiro cha madontho awiri musanawonjezere zanuzo. Mukapanda kutero, chithunzi chathunthu chija chikhoza kubwera kamodzi pa masekondi khumi. A MC akati, "Achimwene, tabwezani pamene agogo akuvina paja," laputopu imayamba yafufuza chithunzi chathunthu chapafupi, ndipo anthu amaona kuima kapena zithunzi zophwanyika. Ndi keyint, chithunzi chathunthu chimabwera sekondi iliyonse ndipo kulumpha kumakhala kofulumira.

Pa Filters pali zinthu ziwiri. Ma iPhone kuyambira pa iPhone 12 amajambula mu HDR, ndipo vidiyo yotere pa pulojekita wamba imaoneka yotuwa, diresi la mkwatibwi n'kukhala ngati lasuluka. Pa Colourspace sankhani BT.709. Chachiwiri ndi Deinterlace, cha mavidiyo a makamera akale, aja a mafayilo a MTS, ndi a pa DVD, amene amaonetsa timizere ngati mano a chipeso munthu akasuntha. Preset imabwera itayatsa kale Decomb; ingoonetsetsani kuti sinazimitsidwe.

Za DVD ndinenepo pang'ono, poti makwaya ambiri ntchito zawo zakale zili pamenepo. HandBrake imatsegula foda ya VIDEO_TS. Chithunzi cha DVD ya kuno ndi 720 x 576, choncho sankhani Fast 576p25. Kuikweza kuti ikhale 1080p sikuwonjezera ukhondo uliwonse.

Chachisanu: mawu

Pa Audio, codec ikhale AAC, Mixdown ikhale Stereo, Bitrate 160 kapena 192, Samplerate 48. Mukaona mawu a 5.1, opangidwira masipika asanu ndi imodzi, aphatikizeni akhale Stereo, ya masipika awiri, ndithu. Mukawasiya, zolankhula zimene zimadutsa pa sipika yapakati zikhoza kusowa, n'kutsala nyimbo zokha.

Chimene chimadabwitsa anthu muholo si codec koma kusiyana kwa mphamvu ya mawu. Uthenga wa azakhali wojambulidwa m'chipinda umamveka chapansipansi, a DJ n'kukweza mikisa. Vidiyo yotsatira ya kwaya ikangoyamba, ana amadzidzimuka. Mverani mavidiyo onse motsatizana osagwira voliyumu. Yotsika ibwezeni mu HandBrake, mutambasule mzere wa mawu pa Audio, muwonjezere Gain pang'ono, kuyambira 3 mpaka 6, kenako mumvere ngati sakusweka.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani kachidutswa, kenako sinthani zonse

Musanapereke ola lathunthu ku fayilo yaitali, pa Range sankhani Seconds, musinthe masekondi 30 okha a pamene pali kuyenda kwambiri. Mukakhutira, bwezerani Range pa vidiyo yonse, musunge zimene mwasankhazo ndi Save New Preset kuti musamabwereze. Pa Save As lozani kufoda yatsopano, ndipo maina ayambe ndi manambala motsatira pulogalamu ya tsikulo: 01 kulowa, 02 chinkhoswe, 03 uthenga. Dinani Add to Queue pa fayilo iliyonse, pomaliza Start Queue.

Laputopu ikhale pamagetsi, pamalo olimba, osati pabedi kapena pamiyendo, chifukwa ntchitoyi imatenthetsa makina. Batire likhale lodzaza. Fayilo ya MP4 imamalizidwa kulembedwa kumapeto, choncho laputopu ikazima ntchito ili pa 90 peresenti, fayiloyo sitseguka n'komwe ndipo muyambiranso. Ngati batire linafa kale, sinthani nthawi imene muli ndi jenereta kapena sola yodalirika, ndipo yambani ndi mavidiyo ofunika kwambiri.

Kukula kwa mafayilo kusakuopseni. Vidiyo ya 1080p yoyenda pa 8 Mbps imadya pafupifupi 60 MB pa mphindi, ndiye kanema wa mphindi khumi ndi 600 MB.

Odziwa kulemba malamulo a FFmpeg, pulogalamu ina yosinthira mavidiyo imene mumaiuza zochita polemba, akhoza kuchita zomwezi ndi mzere umodzi:

ffmpeg -i yakale.mov -c:v libx264 -crf 20 -r 30 -g 30 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 192k -ar 48000 yatsopano.mp4

Mzerewu sukonza mitundu ya HDR, choncho za iPhone zija zidutsebe mu HandBrake.

Nanga ProRes ndi HAP?

Mukamacheza ndi anyamata a masikirini akuluakulu mumva maina amenewa, omwe ndi ma codec enanso awiri. ProRes ndi ya Apple, ya mu 2007, ndipo HAP inapangidwa ndi kampani ya Vidvox. Zonsezi zimasunga fulemu iliyonse payokha, moti kulumpha, kubwerera mmbuyo ndi kusanjikiza mavidiyo angapo nthawi imodzi kumayenda myaa. HAP imapereka gawo lalikulu la ntchito ku khadi la zithunzi m'malo mwa purosesa. Mtengo wake ndi malo: ProRes 422 ya 1080p imayandikira 1 GB pa mphindi, ndipo mafayilo otere amafuna disiki yothamanga ya SSD. Ngati eni sikirini akugwiritsa ntchito pulogalamu yoonetsera ya Resolume kapena QLab ndipo apempha codec yakutiyakuti, apatseni; pulogalamu yaulere ya Shutter Encoder imatulutsa ProRes ndi HAP zomwe. Koma pa ukwati kapena Paper Sunday, pamene mukuonetsa vidiyo imodzi nthawi imodzi pa laputopu ya disiki yozungulira, mafayilo amenewa akhoza kudodoma kuposa H.264. Ngakhale oika vidiyo mu PowerPoint, Microsoft yeniyeniyo imalangiza MP4 ya H.264 ndi AAC.

Chomaliza: kuyesa paholo

Fikani anthu asanabwere, ndipo ngati n'kotheka madzulo a dzulo lake. Mavidiyo asewerere pa disiki ya laputopu, osati pa fulashi. Fulashi imachedwa, ndipo munthu wodutsa akaigunda zonse zaima. Lumikizani pulojekita, mudine batani la Windows ndi P, musankhe Extend, kuti anthu aziona vidiyo yokha inu mukuona mndandanda wanu.

Mu VLC lowani mu Tools, Preferences. Pa Subtitles/OSD chotsani Show media title on video start, kuti dzina la fayilo lisamatuluke pakhoma. Pa Interface chongani Pause on the last frame of a video, kuti vidiyo ikatha iime pomwepo m'malo mothamangira yotsatira a MC asanaitanire. Pa Video sankhani pulojekita ngati Fullscreen Video Device. Zimitsani Wi-Fi, tsekani WhatsApp ya pakompyuta, ndipo letsani laputopu kugona.

Mawu apite ku mikisa, osati ku kasipika ka pulojekita. Mukalumikiza HDMI, Windows imakonda kusamutsira mawu ku pulojekita yokha, ndiye dinani kachizindikiro ka sipika mubweze ku jeki ya mahedifoni. Masipika akayamba kung'ung'uza, zulani chaja ya laputopu mumve. Phokoso likatha, vuto ndi magetsi a chajayo: gwiritsani ntchito DI box, kabokosi koikidwa pakati pa laputopu ndi mikisa kochotsa phokoso lotere, ngati a DJ ali nako, kapena laputopu ndi mikisa zidye pa soketi imodzi, apo ayi onetsani vidiyoyo pa batire.

Onerani vidiyo iliyonse mpaka kumapeto, osangoti poyambira. Muime kumbuyo kwa holo muone ngati zolemba zikuwerengeka, makamaka masana pamene kuwala kukulowa m'mawindo.

Konzaninso fulashi yapadera yokhala ndi mafayilo omwewo, kuti laputopu ikakana muibaye pa TV kapena pa laputopu ya wina. Ma TV ambiri amawerenga fulashi yofomatidwa mu FAT32, koma FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB. Ikakhala yaikulu choncho, igaweni pawiri ndi Range kapena itsitseni pa 720p. Fulashi imeneyi isalowe m'makompyuta a m'mashopu okopera nyimbo, imabwerako mafayilo atasanduka ma shortcut.

Ngakhale mutanena tsiku lomaliza, wina adzafikabe ndi foni m'manja pulogalamu ili mkati: "Achimwene, iyinso ilowe, ndi ya malume ake a mkwati." Musaisewere mwachindunji pamaso pa anthu. Pemphani a MC aisunthire kumbuyo kwa perekaniperekani, muikopere pa laputopu, muiyendetse mu HandBrake pa Very Fast 720p30 ndi Constant Framerate panthawi imene palibe vidiyo ina ikusewera. Ikatha, ionereni pa sikirini yanu ndi mahedifoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako muwakodole a MC kuti yakonzeka.